N'chifukwa Chiyani Agulugufe Ena Amapezeka pa Chilumba Chimodzi Chokha?

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Lilongwe. Wophunzira wanga wina anandifunsa kuti zimatheka bwanji kuti agulugufe ena azipezeka pa chilumba chimodzi chokha, chikhalirecho ali ndi mapiko. Ndimuyankhe bwanji? Mphunzitsi, Area 25.

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo wafunsa mwanzeru. Muuzeni kuti mapiko a gulugufe ndi ofooka moti ambiri sangaoloke nyanja yaikulu. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pamene pali pafupi zedi, pali makilomita oposa 400, ndipo amene amafika tsidya linalo amakhala ochepa amene atengedwa ndi mphepo. Akakhazikika kumeneko saberekananso ndi anzawo a kumtunda, mbozi zawo zimadya zomera zina, mbalame zowasaka zimakhalanso zina, ndipo mibadwo ikachuluka mawanga, msinkhu ndi mapiko zimasintha mpaka amasanduka mtundu wawokha.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi gulugufe wotchedwa Papilio dardanus, amene ali kuno ku Africa komanso ku Madagascar. Wamwamuna ndi wachikasu chotuwa, wa timichira kumapiko. M'madera ambiri a kumtunda wamkazi alibe timichira ndipo mawanga ake amafanana ndi a agulugufe apoizoni, choncho mbalame zimamupewa. Ku Madagascar wamkaziyo amangofanana ndi wamwamuna. Mtundu ndi umodzi, koma nyanja yachititsa kuti nthambi ziwirizi ziyende njira zosiyana.

Katswiri wa zachilengedwe Alfred Russel Wallace, amene anayenda m'zilumba za Indonesia ndi Malaysia kuyambira 1854 mpaka 1862, anaona kuti agulugufe ambiri a pa Sulawesi ali ndi mapiko aakulu ndi opindika kuposa abale awo a pa zilumba zoyandikana nazo. Ophunzira anu angamve msanga mukawakumbutsa za nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene zimasiyana mawanga kuchokera pa gombe lina la miyala kufika pa linzake chifukwa sizikonda kudutsa pamchenga.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti gulugufe wotere alibe kothawira. Ornithoptera alexandrae, wamkulu koposa onse padziko lapansi, amene mapiko a wamkazi amatambalala masentimita 25 kapena kuposerapo, amapezeka m'chigawo cha Oro ku Papua New Guinea basi, ndipo minda ya kanjedza wa mafuta yadya kale mbali ya nkhalango yake.