Pope Hennessy, bwanamkubwa amene azungu anzake sankamufuna

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: “Ku Port Louis ku Mauritius kuli msewu wotchedwa Pope Hennessy, ku Hong Kong kulinso Hennessy Road. Kodi ndi munthu mmodzi? Nanga anali papa?”

Achimwene, ndi munthu mmodzi, koma papa ayi. Pope ndi dzina chabe. John Pope Hennessy anabadwira ku Cork ku Ireland mu 1834, ndipo mu 1859 anasankhidwa kukhala phungu wa dera la King's County la ku Ireland komweko ku nyumba ya malamulo ya ku London. Anali Mkatolika wa ku Ireland koma wa chipani cha Conservative, zachilendo masiku amenewo. Mu 1865 anagwa pachisankho, ngongole zili m'khosi, poti aphungu nthawi imeneyo sankalandira malipiro. Chipani chake chitalowa m'boma chinamupezera ntchito mu 1867: ubwanamkubwa wa Labuan, kachilumba ka kufupi ndi Borneo. Kuchoka uko anapita kumadzulo kwa Africa mu 1872, Bahamas mu 1873, Barbados mu 1875, Hong Kong mu 1877, Mauritius mu 1883.

Kulikonse nkhani inali yomweyo. Akafika, ankaima ndi eni dziko, n'kudana ndi azungu aminda, amalonda ndi akuluakulu a mu ofesi yake yomwe.

Taonani za ku Barbados. Boma la ku London linkafuna kuphatikiza chilumbachi ndi zilumba za Windward pansi pa ulamuliro umodzi. Eni minda ya nzimbe anakana kwamtuwagalu, poopa kuti nyumba yawo ya malamulo, yoyambira mu 1639, itha mphamvu. M'malo mowanyengerera, Hennessy analengeza poyera kuti chitaganyacho chipindulira amphawi. Ogwira ntchito m'minda anamva ngati Mfumukazi ya ku Britain yawalonjeza malo ndi malipiro abwino koma mabwana akubisa. Mu Epulo 1876 anaukira, kukumba mbatata m'minda ya mabwana ndi kupha ziweto. Anthu asanu ndi atatu anafa, chitaganyacho chinathera pomwepo, iye n'kusamutsidwa.

Ku Hong Kong anachepetsa chilango chokwapula akaidi, analola Matchaina kugula nyumba m'dera la Central, ndipo mu 1880 anaika loya Ng Choy mu khonsolo yopanga malamulo, Mtchaina woyamba kukhalamo. Amalonda a Chingelezi anachita kupuma atachoka mu 1882.

Ku Mauritius mfundo yake inali yoti Mauritius ikhale ya anthu a ku Mauritius, ndipo maudindo ankapatsa obadwira pachilumbapo, ambiri Akatolika olankhula Chifalansa. Malamulo a 1885 anabweretsa mipando khumi yochita kuvotera. Apa ndiye musamukweze kwambiri: kuti munthu avote ankafunika katundu kapena ndalama, choncho ovota anali pafupifupi 4,000 okha, ndipo Amwenye ambirimbiri odula nzimbe anatsala kunja. Anakangananso koopsa ndi wachiwiri wake, Clifford Lloyd, mpaka London inatuma Sir Hercules Robinson kudzafufuza. Robinson anamuimitsa ntchito mu Disembala 1886, koma Hennessy anakadziteteza ku London ndipo anamubwezera pampando mu 1887.

Chinkalakwika n'chiyani? Ine ndimaona kuti maganizo ake ambiri anali olondola, vuto linali kayendetsedwe. Bwanamkubwa ankakhala pamalo zaka zowerengeka, pamene alembi, apolisi ndi oweruza ndiwo ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Iye ankawalambalala, kusunga makalata osayankha, ndipo womutsutsa aliyense ankamuyesa mdani. Akangokwera sitima, otsalawo ankabweza zina mwa zomwe wasintha.

Atapuma mu 1889 anabwerera ku Ireland. Mu Disembala 1890 anapambana mpando wa uphungu wa North Kilkenny ngati wotsutsana ndi Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wa ofuna kuti Ireland idzilamulire yokha, koma sanaukhalitse: anamwalira mu Okutobala 1891 kunyumba kwake ku Rostellan, pafupi ndi Cork. Mukadzapitanso ku Port Louis, chiboliboli chake chili pafupi ndi Government House.