Nyali za LED pa galimoto: yambirani pa mawaya

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuwonjezera nyali za LED pa pikapu yanu: zina zokongoletsa m'kati ndi kunsi, zina zounikira kumbuyo konyamulira katundu, komanso light bar, nyali yaitali ya tinyali tambiri towala kwambiri, yoti izikuthandizani m'misewu ya mdima. Yankho langa ndi lakuti ikani, koma muyambe ndi nyali zogwirira ntchito, ndipo chidwi chanu chachikulu chikhale pa mawaya, fyuzi ndi relay, chifukwa nyali yoipa imangothima, pamene waya wolumikizidwa mwachidule angathe kuyatsa galimoto yonse.

Musanagule kanthu, werengerani magetsi amene nyalizo zidzakoke. Batire ya galimoto yaing'ono timati ndi ya 12V, ngakhale kuti injini ikamalira alternator, chipangizo chochajira batire, imakweza magetsiwo kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Mukagawa ma watt ndi ma volt mumapeza ma amp. Motero light bar ya 120W idzakoka pafupifupi ma amp 10, pamene chingwe cha tinyali tokongoletsa ta mtundu wa 5050, chokhala ndi tinyali 60 pa mita, chimadya pafupifupi 14W pa mita iliyonse, komwe ndi kupitirira pang'ono amp imodzi. Ma watt olembedwa pa katoni nthawi zambiri amakhala okokomeza, komabe werengerani ndi nambala yomweyo, pakuti waya wonenepa kuposa muyezo sawononga chilichonse.

Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi imateteza nyali, koma ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya kuti asatenthe mpaka kusungunuka. N'chifukwa chake iyenera kukhala pafupi kwambiri ndi mbali ya pozitivu ya batire, popeza chigawo cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe chochiteteza, ndipo chikakhudzana ndi chitsulo cha galimoto palibe chimene chingadule magetsi. Pa light bar ya ma amp 10 ija, fyuzi ya 15A ndi waya wa 2.5 mm² n'zoyenerana bwino. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, musaike yaikulupo kapena kulowetsa kawaya m'malo mwake; ikukuuzani kuti penapake pali shoti, ndipo muyenera kupafufuza.

Light bar isalumikizidwe mwachindunji ku swichi ya pa dashibodi. Gwiritsani ntchito relay, swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa kuti idutsitse ochuluka. Tengani ya miyendo inayi, yomwe miyendo yake imakhala ndi manambala: 30 imalandira magetsi ochokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 imapita ku nyali, 86 imachokera ku swichi yanu, ndipo 85 imalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Mukatero, magetsi ochuluka amayenda mtunda waufupi pansi pa boneti, ndipo m'kati mwa galimoto mumangolowa ochepa kwambiri oyatsira relay, osafika ndi theka lomwe la amp. Njira imene ine ndimaikonda ndi yotenga magetsi a swichiyo pa waya wa nyali zowala patali, kuti light bar iziyaka pokhapokha nyalizo zikayaka, ndipo izizima yokha mukatsitsa nyali podutsana ndi galimoto ina. Munthu amene waunikidwa m'maso ndi light bar saona msewu kwa kanthawi ndithu, ndipo nthawi imeneyo akubwera komwe muli inu. Ngati pikapu yanu ndi yatsopano, yomwe nyali zake zimalamulidwa ndi kompyuta, gawo limeneli musiyireni katswiri wa zamagetsi a galimoto.

Pogwira ntchitoyi, yambani mwachotsa waya wa negativu pa batire. Paliponse pamene waya akudutsa pa bowo la chitsulo ikanipo kamphira, chifukwa kugwedera kwa galimoto kumachititsa kuti m'mphepete mwa chitsulo muzidya chikopa cha waya pang'onopang'ono. Mawaya atalikirane ndi paipi ya utsi ndi zonse zozungulira, ndipo amene mungawaone okutidwa ndi zachikasu musawakhudze n'komwe, pakuti kawirikawiri amakhala a airbag. Polumikiza, kupota mawaya ndi zala n'kukulungapo tepi yakuda sikukhalitsa. Panikizani ndi zolumikizira kapena wotcherani, kenaka muvekepo kachubu kofota ndi moto kuti madzi asalowe.

Tsopano za nyali zenizenizo. Kumbuyo konyamulira katundu simufuna kuwala kofika patali koma komwazika, choncho tinyali tiwiri ta flood ta 10W kapena chingwe chimodzi chobisidwa kunsi kwa m'mphepete mwa bodi n'zokwanira, ndipo sizikuthobwani m'maso mukamatsitsa katundu. Nyali iliyonse yakunja ikhale ya IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo ingathe kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka. Ikhalenso ya thupi la aluminiyamu lokhala ndi zipsepse kumbuyo, chifukwa LED imatenthera kumbuyo kwake, ndipo kutentha kukasowa kothawira kuwala kumachepa msanga. Kuwala koyera kopendekera ku buluu kwa 6000K (nambala ya K imasonyeza mtundu wa kuwala) kumaoneka kwamphamvu mukakuyang'ana, koma m'fumbi, m'nkhungu ndi m'mvula kumatopetsa maso. Kwa 4000K mpaka 5000K n'kwabwinopo. Light bar yoikidwa padenga imakonda kuwalitsa boneti n'kukubwezerani kuwalako pa galasi, n'chifukwa chake ine ndingaiike cha pa bampala, malinga isatseke mphepo yopita ku radiyeta.

Nyali zakumbuyozo mudzaziyatsa injini ili chete, motero kumbukirani kuti batire yolizira injini sinapangidwe kuti izitha kwambiri. Nyali za 20W kwa ola limodzi kapena awiri sizivuta, koma mukaziiwala usiku wonse m'mawa galimoto ingathe kukana kulira. Swichi yokhala ndi kanyali kosonyeza kuti yayatsidwa imathandiza pamenepa. Zokongoletsa zam'kati zitengeni pa fyuzi ya ACC, yomwe imalandira magetsi pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, kuti zizizima mukachotsa kiyi, chifukwa timabokosi tosinthira mitundu timadyabe magetsi pang'ono ngakhale nyali zitazimitsidwa ndi rimoti. Ziyang'ane pansi, zikhale zosawala kwambiri kuti zisaoneke pa galasi lakutsogolo, ndipo pasakhale waya wolendewera pafupi ndi buleki.

Za kunsi kwa galimoto sindikukulimbikitsani. Matope ndi miyala zimazimatula msanga, komanso mitundu yake ingakupalamulitseni. Pangano la ku Vienna la 1968 lokhudza kayendedwe ka pamsewu, lomwe malamulo a mayiko ambiri amafanana nalo, sililola kuti nyali yofiira ioneke kutsogolo kapena yoyera kumbuyo, kupatula zochepa monga yobwerera m'mbuyo ndi younikira nambala, ndipo nyali ya buluu yothwanima ndi ya galimoto zothamangira zadzidzidzi. Fufuzani malamulo a dziko lanu musanabowole chitsulo, ndipo mukaziikabe, muziziyatsa galimoto itaima kunja kwa msewu.

Mwina mudzafunanso kusintha mababu a halojeni a mtundu wa H4 akutsogolo ndi a ma indiketa n'kuikamo a LED. Nyali yopangidwira babu la halojeni imamwaza kuwala kwa LED mosalongosoka n'kuthobwa anzanu, ndipo indiketa yozolowera babu la 21W imayamba kuphethira mothamanga mukaikamo LED, mpaka mutasintha flasher yake, kachipangizo koiphethiritsa, kapena kuwonjezera resistor yokoka magetsi ngati babu lakale, yomwe imatentha kwambiri ndipo iyenera kumangidwa pa chitsulo, kutali ndi pulasitiki. Mukamaliza zonse, yatsani nyalizo kwa mphindi 10 injini ikulira, kenaka gwirani mawaya ndi polumikizira paliponse. Pamene mupeze patatentha pamasuleni n'kupalumikizanso musanatuluke nayo usiku.