Chifukwa chake mzinga umodzi umamiza sitima yankhondo ina, ina n'kupulumuka

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti sitima yankhondo yolemera matani masauzande imire ndi mzinga umodzi, ndipo mukukayikira kuti mwina masiku ano amazipanga ndi zitsulo zopyapyala. Za kupyapyalazo simukunama. Zitsulo zochindikala za nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anazisiya dala, poti chitsulo choti n'kutchinga mzinga chimalemera moti radar, mafuta ndi zida zimasowa pokhala. Koma mzinga nthawi zambiri umangoboola n'kuyatsa moto. Zimene zimamaliza sitima ndi moto, utsi ndi madzi, ndipo zimatenga maola, mwinanso masiku.

Onani za HMS Sheffield ya ku Britain pa nkhondo ya ku Falklands. Pa 4 Meyi 1982 ndege ya Argentina yamtundu wa Super Étendard inaponya Exocet, mzinga wopangidwa ku France umene umauluka chokwawa pamwamba pa madzi utanyamula zophulika zolemera makilogalamu 165. Nthawi imeneyo sitimayo inkatumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo zimenezi zinagonthetsa chipangizo chimene chikanamva radar ya adani. Mzinga unalowa mbali ya kumanja, mamita awiri ndi theka pamwamba pa madzi, kutanthauza kuti bowo lenilenilo silinali lomiza. Tsoka linali lakuti unadula paipi yaikulu yozimitsira moto.

Paipi imeneyi ndi moyo wa sitima. Imazungulira sitima yonse itadzaza madzi a m'nyanja amene mapampu amakankha mwamphamvu usana ndi usiku, ndipo mipope yonse yozimitsira moto imayamwa mmenemo. Ili ndi mavalavu m'malo ambiri kuti ikaduka pena, mutseke uku ndi uku, kwinako madzi n'kumayendabe. Pa Sheffield mphamvu ya madzi inatheratu, anthu n'kumalimbana ndi moto ndi timapampu tonyamula pamanja ndi zidebe. Dizilo ndi pulasitiki wokutira mawaya zinatulutsa utsi wakuda wapoizoni umene unadzaza m'makonde. Patatha maola pafupifupi anayi, moto ukuyandikira mosungira mizinga ya Sea Dart, Kaputeni Sam Salt analamula kuti onse atuluke. Anafa anthu 20. Sitimayo inayandamabe mpaka pa 10 Meyi, pamene HMS Yarmouth inkaikoka, mafunde n'kukula, madzi n'kuyamba kulowera pa bowo lija. Ena amati inapsa chifukwa inali ya aluminiyamu. Si zoona, Sheffield inali yachitsulo. Imene inasungunuka kumtunda kwake chifukwa cha aluminiyamu ndi USS Belknap ya ku America itagundana ndi sitima inzake, USS John F. Kennedy, mu 1975.

Tibwere ku madzi. Mkati mwa sitima yankhondo mumagawidwa ndi makoma achitsulo osadutsa madzi, ochokera pansi penipeni kufika pamwamba pa mzere wa madzi. Muyezo wa asilikali apamadzi a ku America ndi wakuti sitima yaikulu yomenyera nkhondo iziyandamabe ngakhale itang'ambika gawo lokwana 15 peresenti ya utali wake. Vuto n'lakuti khoma lililonse limabooledwa kuti padutse mawaya, mapaipi, mpweya ndi anthu, ndipo malo aliwonse otero ndi pothawira madzi ngati labala wa chitseko watha kapena wina wasiya chitseko chosamanga. N'chifukwa chake ku America zitseko ndi mavalavu zimalembedwa X, Y kapena Z, ndipo likalira belu la nkhondo amatseka zonse mpaka za Z.

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi akalowa mumangopopa. Werengerani nokha. Bowo lozungulira la masentimita 30, lili mamita atatu pansi pa madzi, limalowetsa matani pafupifupi 20 pa mphindi imodzi. Pampu yonyamula pamanja ngati P-250 imatulutsa malita pafupifupi 950 pa mphindi, osakwana n'tani imodzi yomwe. Kupopa bowo lisanatsekedwe n'kutaya nthawi. Choyamba mumatseka zitseko zozungulira chipinda chimene chalowa madzi. Kenako bowo laling'ono mumalikhomerera matabwa ofewa osongoka okulunga nsanza, amene amafufuma akanyowa, ndipo lalikulu mumaliphimba ndi matiresi ndi thabwa n'kuchirikiza ndi mitengo. Chipinda chikalephereka mumachisiya chidzaze, mphamvu zonse n'kupita pochirikiza makoma ake kuti asagonje. Mapampu amabwera pomaliza, ndipo pamafunika munthu woyang'anira sefa, chifukwa zovala, mapepala ndi nsanza zoyandama zimaitseka m'kanthawi kochepa.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti chipinda chodzaza theka n'choopsa kuposa chodzaza mpaka kudenga. Aliyense amene anasenzapo beseni la madzi osadzaza amadziwa: mukangopendama pang'ono, madzi onse amathamangira komweko n'kukukokani. Sitima ikapendekera kumanzere, madzi a m'chipinda chachikulu amasefukira kumanzere, ndipo mphamvu yake yodziwongola imachepa. Madziwo akakhala m'zipinda zam'mwamba ndiye zimanyanya. Mpope umodzi wamba umalavula malita pafupifupi 360 pa mphindi, matani oposa 20 pa ola. Mipope khumi ikathira maola atatu, mwakweza matani oposa 600 pamalo olakwika. Normandie, sitima yaikulu ya ku France imene Amereka ankaikonza kuti izinyamula asilikali, inagwera cham'mbali pa doko la New York mu Febuluwale 1942 chifukwa cha madzi a ozimitsa moto.

Ndiye yerekezani ndi sitima ziwiri za ku America, zonse za mtundu wa Oliver Hazard Perry. USS Stark inalasidwa ndi ma Exocet awiri a ndege ya Iraq pa 17 Meyi 1987, anthu 37 n'kufa. Inapendekera kumanzere kumene kunali bowo, koma Kaputeni Glenn Brindel analamula kulowetsa madzi dala mbali ya kumanja kuti bowolo likhale pamwamba pa nyanja, ndipo inakafika ku Bahrain. USS Samuel B. Roberts inagunda bomba la Iran lotchera m'madzi pa 14 Epulo 1988. Msana wa sitima unathyoka, chipinda cha injini chinadzaza madzi, moto unabuka. Kaputeni Paul Rinn ataona kuti madzi ozimitsira moto akumiza sitima yake, anaimitsa kaye mipope, chinthu chofuna mtima wolimba moto ukuyaka. Anyamata ake anamanga mng'alu wa kumtunda ndi zingwe zachitsulo, n'kutuluka m'dera la mabombalo pang'onopang'ono ndi timainjini tothandizira. Sanafe ngakhale mmodzi, ndipo sitimayo anaikonza n'kubwerera pa ntchito. Kwa ine Roberts ndiyo inavulala koopsa kuposa Sheffield, chifukwa bala lake linali pansi pa madzi. Inapulumuka poti Rinn ankawakhaulitsa anthu ake ndi maphunziro a moto ndi madzi asanakumane ndi tsokalo.

Ndipo sipafunikanso mdani. Pa 8 Novembala 2018 Helge Ingstad, sitima yankhondo ya ku Norway, inagundana ndi sitima ya mafuta yotchedwa Sola TS pafupi ndi Bergen. Mu Helge Ingstad madzi anadutsa kuchoka m'chipinda china kupita china kudzera m'kati mwa mashafiti, zitsulo zazitali zozungulitsa pulopela, amene anali amphako. Limenelo linali vuto la kapangidwe. Koma ofufuza ngozi a dzikolo anapeza kuti anthu pothawa anasiya zitseko zambiri zosatseka, ndipo akanazitseka sitimayo sikanamira. Anthu onse 137 anapulumuka. Sitimayo anaivuula mu 2019, ndipo ataona kuti kuikonza kudya ndalama zochuluka kwambiri, anaiphwasula.