Masiku awiri ku Addis Ababa: matchalitchi khumi ayi, atatu akwana

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti pobwerera kumsonkhano adzakhala ndi masiku awiri ku Addis Ababa, ndiye akufuna mndandanda wa matchalitchi akale khumi oti akawaone, makamaka aja osema m'thanthwe.

Mayi, tiyambe ndi zokhumudwitsa. Matchalitchi osema m'thanthwe amene mumaona pa Facebook aja sali ku Addis. Ali ku Lalibela, kumpoto, m'chigawo cha Amhara. Kumeneko mumakwera ndege ina, komanso chigawocho mwakhala muli nkhondo kuyambira 2023, moti si ulendo wongouganiza usiku m'mawa n'kunyamuka. Pa masiku awiri, Lalibela muiwale. Ku Addis kuli kamodzi kotero, Washa Mikael, m'mapiri a Yeka, koma denga lake linagwa kalekale ndipo n'kofika wapansi, chokwera phiri.

Addis ndi mzinda wadzulodzulo. Unayamba mu 1886, mfumu Menelik II ndi mkazi wake Taytu Betul atatsika paphiri la Entoto kutsata akasupe a madzi otentha a Filwoha. Tchalitchi cha St George chimene aliyense amathamangira anachimanga itatha nkhondo ya Adwa ya 1896 yolimbana ndi Ataliyana, pamene St Michael and All Angels ya ku Blantyre inali itaima kale kuyambira 1891. Wofuna makoma okalamba akabwerako atakwinya nkhope. Chokalamba ndi chimene chimachitika mkati mwa makomawo. Chikhristu chinalowa ku Ethiopia m'zaka za m'ma 300, nthawi ya mfumu Ezana ya ku Aksum, kudzera mwa Frumentius. Mapemphero mpaka lero amachitika m'Chige'ez, chilankhulo chimene palibe amachilankhula pamsika, ndipo kaimbidwe kake amati anakayala ndi Yared m'zaka za m'ma 500. Amene amakonda kunena kuti Chikhristu chinabwera mu Africa ndi azungu a zipewa zoyera, akaime kaye pabwalo la tchalitchi cha ku Addis 6 koloko m'mawa, adzayankhulenso akabwerako.

N'chifukwa chake mndandanda wa khumiwo ndaukana. Amene amagulitsa maulendo oonetsa mzinda amakunyamulani kuhotela 10 koloko, nthawi imene mapemphero atha, zitseko zakhomedwa, ndipo mumangozungulira panja kudikira bambo wosunga kiyi amene wapita kukamwa tiyi. Akabwera akutsegulirani, muone makapeti ndi zithunzi, mujambule, mutuluke. Mwalipira kuti muone nyumba yopanda eni ake. Kumeneko si kuona tchalitchi, ndipo ndikunena mosapsatira kuti ndi kutaya ndalama. Tchalitchi cha Orthodox, womwe ndi mpingo wakale wa ku Ethiopia, chimakhala ndi moyo kusanache mpaka cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Anthu amabwera atafunda nsalu zoyera, azimayi netela, ena gabi yochindikala chifukwa cha kuzizira. Ambiri salowa n'komwe. Amaima panja, kupsompsona chipata kapena khoma, kumvera pa zokuzira mawu. Oimba amatsamira ndodo zazitali zotchedwa mequamia, chifukwa mapemphero ndi a maola ndipo ambiri amakhala chiimire, dzanja lina likugwedeza kachitsulo kolira, tsenatsel, ng'oma yaikulu ya kebero ikugunda pang'onopang'ono. Lubani amachita kutsamwitsa.

Mukadziwa kamangidwe kake simudzasochera. Tchalitchi chozungulira kapena cha mbali zisanu ndi zitatu chili ndi zigawo zitatu, china mkati mwa chinzake. Chakunja, qene mahlet, n'cha oimba ndi anthu wamba. Chapakati, qeddest, n'cha olandira mgonero. Chapakatikati, maqdas, mumalowa ansembe ndi madikoni okha, chifukwa ndi mmene muli tabot, chifaniziro cha magome a Likasa la Chipangano. Popanda tabot nyumbayo si tchalitchi. Musayese kusuzumira kuseri kwa katani, ndipo musapemphe kuti akuonetseni. Ndi mwano waukulu. Nsapato mumavula pakhomo, choncho valani masokosi, simenti ya m'mawa imaluma. Amuna amaima kumanzere, akazi kumanja, ndipo makomo awo amakhalanso osiyana. Inu mayi tengani mpango waukulu wophimba mutu ndi mapewa, ndi siketi yaitali kapena chitenje. Chitenje chathu chomwechi chimagwira ntchito, ngakhale mudzaonekera patali pakati pa zoyera zokhazokha.

Pali chinthu china chimene chaphonyetsa anthu ndege: nthawi. Aitiyopiya amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Imene ife timati 7 koloko m'mawa, iwo amati 1 koloko. Woyendetsa takisi akati adzakutengani 12 koloko, mwina akunena 6 koloko m'mawa. Funsani kawiri, kapena mumuonetse pafoni. Wotchi yawo ya boma ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi ola limodzi, zimenezo n'zina. Kalendala nayonso ndi yawoyawo, miyezi 13, ndipo chaka chili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Izi zili ndi phindu kwa inu, chifukwa woyera mtima aliyense ali ndi tsiku lake mwezi uliwonse: Utatu Woyera pa 7, Mikael pa 12, Gabriel pa 19, Maria pa 21, George pa 23, onsewo pa kalendala yawo. Funsani kuhotela kuti lero ndi pa chiyani. Tsiku likagwirizana ndi tchalitchi china, sinthani zonse mupite kumeneko. Ulendo wanu ukagwera pa Timkat, chikondwerero cha ubatizo wa Yesu, 19 Januwale (zaka zina 20), kapena madzulo a 26 Sepitembala (zaka zina 27) pamene amayatsa chimoto cha Meskel, chikondwerero cha mtanda, ndiye kuti mwapata. Ingodziwani kuti misewu imatsekedwa.

Za chakudya pang'ono, poti zikukhudzana. Lachitatu ndi Lachisanu ndi masiku osala, sadya nyama, mkaka kapena mazira. Malesitilanti ambiri masiku amenewo amaphika beyaynetu, ndiwo zamasamba, nandolo ndi mphodza zamitundumitundu zoyalidwa pa injera, buledi wawo wopyapyala wotakata. Ndi chakudya chabwino kuposa nyama imene alendo amalimbikira kuitanitsa. Injera ndi yowawasa, tsiku loyamba lilime limadabwa.

Atatu ake ndi awa

Holy Trinity, eni ake amati Kidist Selassie, ili ku Arat Kilo pafupi ndi nyumba ya malamulo. Iyi ndiyo yofunika kuikhalira nthawi. Kamangidwe kake n'kachizungu, mawindo a magalasi amitundu, koma mbiri ya dziko lonse yagona pamenepo. Mkati muli manda a mwala a Haile Selassie ndi mkazi wake Menen. Mfumuyo inachotsedwa pampando mu 1974, inamwalira mu 1975 ili m'manja mwa boma la asilikali la Derg, mafupa ake anapezeka mu 1992 atakwiriridwa kunyumba yachifumu, ndipo anadzaikidwa muno mu Novembala 2000. Panja pali manda a Sylvia Pankhurst, mayi wa ku Britain amene anamenyera Ethiopia ufulu pa nthawi imene Italy ya Mussolini inalanda dzikolo, a nduna yaikulu Meles Zenawi, ndi chikumbutso cha akuluakulu a boma 60 amene a Derg anawapha mu Novembala 1974. Alendo amagula tikiti pachipata. Isungeni, ndi yomweyo yolowera kunyumba yosungira zakale. Dera limeneli ladzaza nyumba za boma, musaloze kamera pa mpanda uliwonse umene pali msilikali.

St George ili ku Piazza, ya mbali zisanu ndi zitatu. Tabot yake amati inapita nawo ku Adwa kumene Ataliyana anagonja. Mmenemo ndi mmene analongera ufumu mfumukazi Zewditu mu 1917 ndi Haile Selassie mu 1930, ndipo muli zojambula za Afewerk Tekle. Ola limodzi likwana. Chapafupi pali chipilala cha Abune Petros, bishopu amene Ataliyana anamuwombera mu 1936 atakana kuwagonjera. Ku Piazza ndi kumsika waukulu wa Merkato opisa m'matumba ndi akatswiri: wina akulavulirani kapena kukuthirani kanthu n'kuyamba kukupukutani mopepesa, mnzake foni watenga. Ana ogulitsa tishu pa kathireyi nawonso, thireyi ili pachifuwa panu, dzanja lili kunsi.

Entoto Maryam ili pamwamba pa phiri, mamita oposa 3,000, pamene mzindawo uli pa mamita pafupifupi 2,350. Menelik analongedwa ufumu pamenepo mu 1889, ndipo nyumba yake yadothi ndi udzu ikadalipo kuseri. Musapiteko tsiku loyamba. Thupi lochokera ku Lilongwe limafuna usiku umodzi lisanakwere pamenepo, apo ayi mutu ndi befu zikuonongerani tsiku. Juzi musaiwale, ndipo kuyambira Juni mpaka Sepitembala ndi mvula yokhayokha.

Ndiye chitani chonchi. Tsiku loyamba, Holy Trinity 6 koloko m'mawa, St George masana. Lachiwiri, Entoto kusanache, mubwereko nkhomaliro isanakwane. Nthawi ikatsala, Ba'eta Maryam pafupi ndi nyumba yachifumu yakale, kumene kunsi kwake kuli manda a Menelik, Taytu ndi Zewditu. Viza itengeni musananyamuke pa webusaiti ya boma lawo, chifukwa pali mawebusaiti ena ofanana nayo amene amalipiritsa kawiri. Takisi itanani pa apu ya Ride kapena Feres, mtengo umaoneka pafoni. Sinthani ndalama kubanki ya pabwalo la ndege la Bole, mupemphe ma birr (ndalama ya kumeneko) ang'onoang'ono a tikiti ndi a bambo wa kiyi uja, ndipo lisiti yake musataye.