Sed -i musaithamangire achimwene

Achimwene, inu amene mukufuna kusintha mitengo m'mafayilo ambiri nthawi imodzi, musangoisintha ndi sed -i (lamulo la pakompyuta losintha mawu kapena manambala m'fayilo) chonde, ine chinthu chimenechi chinandionetsa zakuda. November 2023 kwacha itagwa ndi 44% ija, abwana a pa loji yomwe ndimagwira kuno kunyanja anati mitengo ikwere, ndiye anaimbira mkulu wina wa ku town amene anatiikira sisitimu, iye kulowa pa SSH (njira yolowera mu kompyuta uli kutali) ali kwawo, kumenya find . -type f -exec sed -i 's/5000/7500/g' {} + kuti 5000 iliyonse m'mafayilo onse isanduke 7500, basi n'kuzimitsa foni.

Sed sadziwa kuti 5000 ndi mtengo, amangoona manambala anayi ondondozana. Ndiye 15000 inasanduka 17500, chipinda cha 50000 chinafika 75000, nambala ya foni ya kasitomala wina yomwe inali ndi 5000 pakati nayo inasintha, mpaka malisiti a chaka chatha omwe anali mufoda yomweyo. Loweruka m'mawa, kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, alendo adzaza pa kauntala akufuna kutuluka, mayi wina wagwira lisiti yake ya dipoziti m'manja, pa sikirini pakuoneka zina, akundiyang'ana ngati ndine wakuba, abwana kumbuyo kwanga akungoti "iwe wapanga chani?" Backup palibe, ndipo -i imalemba pamwamba pa fayilo yeniyeniyo, kulibe Ctrl+Z kumeneko. Mkulu uja anayankha Lolemba eti sisitimu ili bhobho, ndalama ya "support" n'kulandira ndithu, anthu ena manyazi alibe. Tinabwezeretsa kuchokera m'mabuku olemba pamanja, usiku ndi tochi ya pafoni magetsi atathima.

Inu yambani ndi lamulo lofufuzira, grep -rn 5000 . muone mizere yonse yomwe ikhudzidwe. Mu sed mulembe \b5000\b (\b ndi malire a mawu) kuti isagwire 15000, pa find muike -name '*.csv' osati chilichonse, muyese kaye opanda -i zotsatira zingotuluka pa sikirini, zikakoma ndiye sed -i.bak kuti fayilo iliyonse isiye kope yake yakale. Ngati muli pa Mac samalani, sed yake ndi ya mtundu wina wotchedwa BSD, \b siigwira ngati pa Linux. Koma musamvere amene akuti muzitsegula fayilo imodziimodzi mu Notepad, mukalambira pomwepo, sed yomweyi ine ndimaimenya daily, ndikakhala pa changu ngakhale .bak sindiika.