Kwa achimwene a ku Bangwe ofuna kuyamba kubetcha pa magemu

Imelo yalowa sabata yatha kuchokera kwa achimwene ena a ku Bangwe, dzina ndisunge. Akuti iwo FC, gemu ya mpira ija ya pa PlayStation, amaimenya koopsa, kudera kwawo palibe amene amawagwira, ndiye aona pa app yobetchera pali gawo la esports, mipikisano ya magemu a pakompyuta, akufuna ndiwauze poyambira kuti azipezako ya bandulo ndi sopo. Funso ndi lomwelo basi.

Achimwene, funso lanuli landilasa pamtima, ndiye mundipirire ndiyambire kutali pang'ono. Ine ndinakhalapo ndi kashopu ka PlayStation ku Ndirande chakumsika kuja, ma TV atatu, mabenchi, ndi nsalu yakuda pazenera kuti dzuwa lisamaphe sikirini. Amene amandigwirira shopuyo anali mwana wa achemwali anga, mnyamata waulemu, wosamwa, wosasuta, koma akagwira padi munthu umangoona kuti zala izi zinabadwira zomwezi. Lamulo la pashopu linali lakuti wodyedwa ndiye amalipira gemu, iye mwina mwezi umatha asanalipirepo. Anyamata amachokera ku Chirimba, ena ku Machinjiri kudzamuyesa, amabwerera ali chete.

Kenako anatulukira timasewero tija timene pa ma app amatilemba esoccer, tija timatha pa mphindi zochepa, kena kakutha kena kakuyamba, usana ndi usiku osapuma. Mumaona Arsenal ndi Barcelona, pambali pake kadzina ka mnyamata amene wagwira padi kunja uko. Iye mumtima anati gemu iyi ndimaidziwa kuposa azungu akuika ma odds wa, manambala aja osonyeza kuti ndalama yako ibala kangati ukawina. Masiku oyamba anadyadi, anabwera ndi nsapato yatsopano. Pakutha miyezi ingapo ndalama ya shopu inayamba kuperewera madzulo, lero akuti makasitomala anali ochepa, mawa akuti padi inavuta, kenako padi imodzi inasowadi, kufufuza tinapeza kuti ili pa pinyolo kwa munthu wa katapila kuseri kwa msika. Tsiku lina magetsi atathima ndinadutsa pashopu usiku, ndinamupeza wakhala pansi pakona yekhayekha mumdima, foni m'manja, ndipo chimene chinandiwawa nchakuti sikuti amaonera gemu ayi, bandulo yoonera vidiyo analibe, amangoyang'ana manambala akusintha, 1-0, 1-1, 2-1, milomo ikugwedezeka. Mayi ake amagulitsa mandasi, ngongole ija anabweza ndi ndalama ya ku banki mkhonde, analira pamaso panga. Mwanayo pano ali bwino, akuphunzira zamagetsi, koma chaka chimenecho banja lonse tinachimva.

Ndiye mukati mumadziwa kusewera FC, ndikukhulupirirani. Koma luso lanu lili m'zala zanu, pomwe ndalama mukuiika pa zala za munthu wina amene simunamuonepo, simukudziwa ngati wagona, ngati wasewera kale magemu ambirimbiri kuyambira m'mawa, ngati lero ali ndi mtima wosewera. Dzina la Barcelona pamenepo ndi malaya chabe.

Komanso ambiri amasokoneza zinthu zitatu. Pali ma virtual, amene palibe munthu aliyense akusewera, ndi kompyuta ikungotulutsa zotsatira, gulu limodzi ndi kandege kaja ka Aviator, pamenepo palibe choti muphunzire ngakhale mutakhala chaka mukulemba zigoli mu kope. Pali esoccer ndanena ija. Ndiye pali mipikisano yeniyeni, Counter-Strike 2, Dota 2, League of Legends, Valorant, komwe kuli matimu a anthu asanu asanu, makochi, malipiro apamwezi ndi mbiri yoti mutha kuifufuza. Mpikisano wa Dota 2 wotchedwa The International mu 2021 mphoto zake zonse zinafika pa madola 40 miliyoni a ku America, si zachibwana. Ngati pali pomwe kudziwa kungathandizeko pang'ono ndi gulu lachitatuli lokha.

Ndati pang'ono, chifukwa masamu ake ali mbali ya kampani. Tengani gemu imene matimu ndi ofanana mphamvu, mupeza onse awapatsa mwina 1.85. Ikani K1,000 uku ndi K1,000 uko, mwatulutsa K2,000, wina aliyense awine mulandira K1,850. K150 ija yapita kuti? Imeneyo ndiye phindu la kampani, imadya gemu isanayambe nkomwe. Pa ma odds amenewo mukuyenera kulondola magemu opitirira 54 pa 100 alionse kuti mungobwerera pomwe munali. Tsono ife kuno timakonda tikiti yayitali ngati lisiti ya maliro, magemu asanu, khumi, kuti K500 ibale K200,000. Mukamanga magemu asanu a 1.85 oterowo, mwayi woti onse alowe ndi umodzi pa 32, ndipo mukamabetcha choncho nthawi yaitali K1,000 iliyonse imabwerako pafupifupi K680. Nchifukwa chake amakulimbikitsani ndi mabonasi kuti muwonjezere timu ina.

Ndipo pamene ndikulemba pano mtima ukunka nuwawa, chifukwa ndakumbukira anthu aja a m'magulu a WhatsApp ndi Telegram ogulitsa ma fixed, magemu amene amati zotsatira zake zinagulidwa kale. Awa ine sindiwanyengerera, ndi akuba. Amakuuzani tumizani K5,000 pa Airtel Money kapena Mpamba mulowe mu VIP, theka la gulu amaliuza timu iyi, theka lina timu inayo, amene adya amatumiza ma screenshot, amene adyedwa amawachotsa mugulu. Munthu wodziwadi gemu yogulidwa angaigulitse kwa inu pa K5,000? Kugulitsa magemu kulikodi mu esports, sindikukana. Mu 2014 timu ya ku America ya iBUYPOWER inagonja dala pa Counter-Strike anthu ake atabetcha mbali inayo, ndipo kumayambiriro kwa 2015 kampani ya Valve, eni ake a gemuyo, inawaletsa osewerawo m'mipikisano yake. Ku South Korea katswiri wa StarCraft II wotchedwa Life anamangidwa mu 2016 pa nkhani yomweyi. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la ESIC loti lizifufuza zachinyengo zotere. Koma taonani, pa nkhani zonsezi amene anapindula ndi a mkati, wobetcha wamba ngati inu ndi ine ndi amene ndalama yake inatengedwa. Ndipo zimachitika kwambiri m'timipikisano ting'onoting'ono momwe osewera amalandira zochepa, tomwe tija timadzaza app pakati pa usiku.

Chimandipweteka china nchakuti ana aluso tili nawo mbwee mu Blantyre muno, pitani Zingwangwa, Chilomoni, Limbe Loweruka masana mukaone m'mashopu a magemu mmene mumadzazira. Mwana wotere amafunika mpikisano woti alowe, jezi, kamphoto, anthu omuombera m'manja ngati mmene timachitira pa Kamuzu Stadium Bullets ikakumana ndi Manoma. Koma chimene chimamupeza msanga ndi app yobetchera, mpikisano osamupeza. Inuyo achimwene ngati ku Bangwe kulibe okugwirani, bwanji osasonkhanitsa anzanu khumi ndi asanu ndi mmodzi, aliyense aponye kangachepe, mwini shopu akupatseni tsiku, wopambana atenge? Pamenepo ndiye zala zanu zikugwirirani ntchito inuyo.

Ngati mwatsimikizabe

Sankhani gemu imodzi yokha, ine ndinganene Counter-Strike 2 chifukwa ndi yosavuta kuitsatira, timu yoyamba kufika maraundi 13 yatenga mapu, kutanthauza bwalo limene akumenyeranapo. Khalani mwezi wathunthu mukuonera pa YouTube kapena Twitch osaika ngakhale tambala, muzingolemba mu kope amene mukanamubetchera ndi ma odds ake, pakutha mwezi muwerengere nokha ngati mukanatsala ndi kanthu. Ambiri kope lomwelo limawayankha. Zotsatira zakale ndi mayina a osewera zili ulere pa intaneti pa masamba a HLTV ndi Liquipedia, musanaike onani ngati timu ili ndi anthu ake onse kapena yabwereka wina, onani mapu amene asankha chifukwa timu imatha kukhala yoopsa pa Mirage koma yofooka pa Nuke, ndipo gemu ya mapu amodzi muzithawa, wamng'ono amagwetsa wamkulu kawirikawiri, bola ya mapu atatu. Dzina lalikulu lisakupusitseni, matimu a OG mu 2018 ndi Team Spirit mu 2021 anatenga The International anthu ambiri asakuwawerengera. Kubetcha gemu ili mkati kusiyeni, vidiyo imene mukuonera imafika mochedwa, kampani imakhala yaona kale zimene inu simunaone.

Ndalama ikhale yoti itapita yonse simudandaula, muipatule kumayambiriro kwa mwezi, ngati ndi K10,000 muziika K200 pa gemu, imodzi imodzi osamanga tikiti. Ikatha yatha mpaka mwezi wamawa, ya lendi, ya fizi, ya bizinesi ya eni osaikhudza, ndipo mukadyedwa musawonjezere kuti mubweze, mwana wa achemwali anga anagwera pomwepo. Gwiritsani kampani yokhala ndi chiphaso cha MAGLA, bungwe loona za juga kuno kwathu, ndipo ngati simunakwane zaka 18 zonsezi si zanu. Tsiku limene mudzayambe kubisa foni kapena kunama za ndalama kunyumba, chotsani app ndipo muuze munthu wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo. Kope lija mukalemba mwezi wathunthu munditumizire pa imelo yomweyi, tidzawerengere limodzi.