Tifunseni: Vakabu, Maola 72 ndi Mwana Wosadzuka

Makalata a mwezi uno ayankhidwa ndi odziwa zamalamulo ndi azaumoyo. Maina a olemba tawabisa.

Funso: Ine ndine mayi woyendayenda, ndipo ndalama zake ndi zimene zimadyetsa ana anga awiri. Mwezi watha apolisi anatisesa usiku pa resitihausi, tinalipo asanu ndi awiri. Kutacha anatiuza kuti tikangovomera mlandu tilipira chindapusa n'kumapita kwathu. Tinavomera. Kodi tinalakwa chiyani kwenikweni? Akadzabweranso nditani? *Mlongo wanu, m'chigawo chapakati*

Yankho: Achemwali, m'malamulo a Malawi mulibe gawo loletsa munthu wamkulu kulandira ndalama atagona ndi wamkulu mnzake mogwirizana. Chimene apolisi akhala akugwiritsa ntchito ndi gawo 146 la Penal Code, lonena za mkazi wodyerera ndalama za uhule. Mu Febuluwale 2016 amayi 19 anamangidwa ku Dedza ndi gawo limeneli, anavomera monga munachitira inumu, ndipo aliyense analipitsidwa K7,000. Nkhaniyi itafika kubwalo lalikulu ku Zomba, Justice Zione Ntaba anafafaniza chigamulocho mu Sepitembala chaka chomwecho. Anati gawo 146 linalembedwa kuti ligwire anthu odyera masuku pamutu amayi oyendayenda, osati mayi amene akudya thukuta lake.

Chikwapu china chinali vakabu. Mu Januwale 2017 bwalo lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c), limene ankamangira munthu chifukwa chongopezeka pamalo pa nthawi yokayikitsa, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlanduwo anautengera kukhoti ndi wogulitsa majumbo wa mu Blantyre, koma unamasula aliyense woyenda usiku. Mu 2022 bwalo la ku Zomba linanenanso kuti kusesa anthu chisawawa, wina aliyense amene wapezeka pamalo kulowa m'galimoto, n'kosaloledwa.

Musatenge izi ngati kuti palibe chimene angakumangireni. Gawo 180 likadalipo, ndipo limagwira woyendayenda amene akuchita phokoso kapena zosayenera pagulu. Kusunga nyumba yochitiramo uhule ndi mlandunso. Kuba foni ya kasitomala ndi kuba basi.

Akakugwirani, funsani modekha kuti mlandu wake ndi uti komanso gawo lake ndi liti. Gawo 42 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene mwamangidwira m'chilankhulo chimene mumamva, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndi ufulu wotengeredwa kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, akutengereni tsiku loyamba limene latsegula. N'chifukwa chake kusesa kwa Lachisanu usiku kumapweteka kwambiri. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama iliyonse imene mwapereka kwa munthu wa yunifolomu popanda lisiti la boma si chindapusa, ndi ziphuphu. Musasayine kapena kudinda chala papepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa.

Pamene amayi ambiri amagwera ndi pa mawu oti "ndikuvomera". Tikumvetsa chifukwa chake: ana atsala okha kunyumba, m'chitokosi mukununkha, ndipo chindapusa chikuoneka chotchipa kuposa usiku wina. Koma mukavomera, khoti silifunanso umboni, ndipo dzina lanu limalembedwa kuti munapezeka wolakwa. Mukakana, wapolisi ayenera kufotokoza chimene inuyo, osati gulu lonse, munachita. Pa milandu yosesedwa umboni wotero kawirikawiri sukhalapo.

Za mwezi wathazi sizinathere pompo. Tengani lisiti la chindapusa ndi nambala ya mlandu, mupite ku Legal Aid Bureau kapena ku bungwe loteteza ufulu wa anthu la CHREAA, muwapemphe kuti bwalo lalikulu liunikenso chigamulocho. Mupite nonse asanu ndi awiri ngati n'kotheka. Ngati wapolisi wina anakumenyani, kukulandani ndalama kapena kukuuzani kuti mugone naye kuti akutulutseni, lembani tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi dzina la pachifuwa, mukadandaule ku Independent Complaints Commission, ofesi yolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Ndipo amene mumamwa ma ARV, nenani msanga kwa woyang'anira chitokosi, mnzanu wakunja akubweretsereni botolo lanu. Wapolisi alibe mphamvu yokuyezetsani HIV mokakamiza: amayi 11 a ku Mwanza amene anachitidwa zimenezi mu 2009, zotsatira zawo n'kuwerengedwa poyera m'khoti, anapambana mlandu wawo mu 2015, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 likuletsa kuyeza kotero.

Funso: Mnzanga anagwirizana ndi kasitomala kuti avala kondomu. Atalowa m'chipinda bamboyo anakana, anam'kanyanga pakhosi n'kuchita pleni. Mnzangayo akuti sangapite kulikonse chifukwa akamuseka kuti hule sagwiriridwa. Zachitika dzana. *Mnzake wodandaula*

Yankho: Ngati zachitika dzana, siyani kuwerenga pofika kumapeto kwa ndime ino, mumutenge mupite kuchipatala. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo ola lililonse limene ladutsa likuchepetsa mphamvu yake.

Akafika amuyeza kaye magazi. Akapezeka alibe kachilombo amupatsa PEP wa masiku 28. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha mseru ndi mutu wa masiku oyamba, koma zimenezi zimatha zokha, pamene mankhwala osamaliza sangadaliridwe. Adzayezetsenso pakatha miyezi itatu. Apemphenso mapiritsi oletsa mimba apangozi, amene amagwira bwino m'masiku atatu oyamba ngakhale angathandizebe mpaka tsiku lachisanu, komanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana. Wina akamuuza kuti akatenge kaye kalata kupolisi, apemphe kuti amwe PEP kaye, kalata ibwere pambuyo. Zipatala zikuluzikulu zili ndi malo a Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Anene za pakhosipo: mawu akasasa, kumeza kukamavuta kapena kupuma kukasintha, ndi ngozi yofunika kuonedwa lero lomwe. Zovala za tsikulo asazichape. Azikulunge m'nyuzipepala kapena mu envelopu, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuononga umboni.

Kunena zamalamulo, anavomera kugonana kwa kondomu, ndipo pamene anakana n'kukakamizidwa, kumeneko ndi kugwiririra. Lamulo silifunsa ntchito ya mkazi. Kupolisi afunse ofesi ya Victim Support Unit, ndipo asapite yekha. Nambala ya 5600 ndi yaulere kwa ochitiridwa nkhanza.

Zikatha izi, khalani pansi ndi anzanu a pamalo panu. Magulu amene amatetezana bwino amachita tinthu tating'ono: ndalama amalandira asanalowe m'chipinda, mnzawo amadziwa nambala ya chipinda kapena ya galimoto, ndipo nthawi imene anagwirizana ikadutsa amagogoda. Amauzana maonekedwe a kasitomala wankhanza. M'banki mkhonde yawo amapatula kathumba ka thiransipoti ya kuchipatala ndi chakudya cha ana a amene wamangidwa. A Female Sex Workers Association ndi a Pakachere ali ndi alangizi amene ndi amayi anzanu, ndipo angakulozereni kopezera PrEP, piritsi la tsiku ndi tsiku limene limayamba kuteteza ku HIV pakatha masiku asanu ndi awiri. Chinanso: Vaseline ndi mafuta ophikira zimaboola kondomu. Gwiritsani ntchito mafuta oterera opangidwira zimenezi.

Funso: Mwana wanga wa zaka 22 amasuta chamba, ndipo tsopano akumwa mankhwala a chifuwa mabotolo athunthu, nthawi zina kusakaniza ndi kachasu. Sabata yatha anagona tsiku lonse akuliza nkonono, osadzuka. Bambo ake akuti tikamupereke kupolisi akaphunzire mwambo. Ena akuti chamba chinaloledwa. *Mayi wosowa mtendere*

Yankho: Mayi, nkonono umenewo sunali tulo. Mankhwala ena a chifuwa ali ndi codeine, amene ali m'gulu limodzi ndi tramadol ndi heroin. Akachuluka amachedwetsa kupuma, ndipo mowa kapena mapiritsi ogonetsa a diazepam zikaonjezerapo, munthu amatha kusiya kupuma ali mtulo. Zikadzachitikanso, muitaneni mokweza, mum'tikite mwamphamvu ndi mfundo za zala pafupa la pachifuwa. Akapanda kutsitsimuka, onani izi: kupuma kwapatalipatali kosakwana kakhumi pa mphindi, timadontho takuda ta m'maso titachepa ngati nsonga ya singano, milomo ndi zikhadabo zitatuwa. Mugonekeni cham'mbali, bondo lapamwamba litapindidwa, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono, kuti akasanza asatsamwe. Musam'mwetse mkaka, madzi amchere kapena phala, musam'thire madzi, musam'tsekere kuchipinda kuti "zimuthere". Pezani galimoto, mutenge ndi botolo limene wamwa, ndipo kuchipatala munene zoona. Mankhwala obweza vutoli ndi naloxone. Amagwira m'mphindi ziwiri kapena zitatu koma mphamvu yake imatha pakati pa theka la ola ndi ola ndi theka, choncho akatsitsimuka asathawire kunyumba.

Za chamba, anthu akusokoneza. Lamulo la 2020 linalola kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority. Kupezeka ndi chamba chosuta ndi mlandu mpaka lero, pansi pa Dangerous Drugs Act.

Kumupereka kupolisi sitikuvomereza. Chitokosi sichichiza chibaba, ndipo pali ngozi imene makolo saidziwa: munthu akakhala milungu ingapo osamwa, thupi limaiwala mlingo wakale, ndiye akatuluka n'kumwa monga ankamwera, mlingo womwewo ungamuphe. Masiku oyamba atatuluka kundende kapena kuchipatala ndi oopsa kwambiri. Kum'manga unyolo kumalo opempherera ndi nkhanza, ngakhale pemphero palokha lilibe vuto.

Kusiya nakonso kuli ndi njira yake. Wosiya codeine amamva kuphwanya m'thupi, chimfine, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kuyamba kuchepa sabata isanathe. N'zowawa koma kawirikawiri sizipha, bola azimwa madzi ndi thanzi ORS. Mowa ndiye wosiyana. Amene amamwa kachasu tsiku lililonse akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, kenako kuona zinthu zomwe palibe. Ameneyo asiyire m'manja mwa achipatala. Yambirani kukiliniki ya matenda a maganizo pachipatala cha boma cha m'boma lanu. Iwo angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God, ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mulankhule naye m'mawa ali bwinobwino, anthu awiri osati khamu la achibale, ndipo muyambe ndi zimene munaona tsiku lija osati ndi manyazi a banja. Ndalama m'manja musam'patse. Chakudya ndi pogona musam'mane. Akabwerera m'mbuyo pakatha miyezi iwiri, zimachitika kwa ambiri, mubwerere naye kukiliniki komweko.

Funso: Pa bala ina pafupi ndi kwathu pali mtsikana wooneka wa zaka 15. Anamutenga kumudzi kuti azidzagulitsa mowa, koma amagona m'zipinda za kuseri ndipo mwini bala ndi amene amalandira ndalama. Poti mwati uhule si mlandu, ndingolekerera? *Bambo wa mpingo*

Yankho: Ayi, bambo. Zonse tanena pamwambapa n'za akuluakulu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kutenga mwana kumudzi pomunamiza ntchito n'kumamugulitsa ndi mlandu waukulu pansi pa Trafficking in Persons Act ya 2015. Wolakwa ndi mwini bala, wom'bweretsa ndi amuna amene akulowa m'chipindamo, osati mtsikanayo. Musakayambane ndi mwini bala, chifukwa angam'samutse usiku womwewo. Imbani 116, kapena pitani ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu, muwauze dzina la bala, kumene kuli zipindazo, ndi nthawi imene mtsikanayo amapezeka.